Mwana wanga amawerenga m'Chingerezi koma satha kupempha madzi

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 26, ndimakhala kwathu ku Thyolo, kufupi ndi Luchenza. Ndili ndi mwana mmodzi wamwamuna wa zaka ziwiri ndi miyezi 7. Bambo ake ali ku Joni, anapita mwanayu akukwawa kumene. Sindingawanenere zoipa, ndalama amatumiza, kuimba amaimba. Chaka chatha anatumiza foni ya tachi n'kunena kuti ndi ya mwana, azionera makatuni kuti adziwe Chingerezi msanga, asadzavutike kusukulu ngati mmene tinavutikira ife.

Ine ndimagulitsa tomato ndi masamba pamsika, kuchoka m'mamawa kubwera dzuwa litalowa. Mwana amatsala ndi mayi anga. Iwo miyendo imawavuta, sangathamange naye, ndiye akangoyamba kuvuta amamupatsa foni. Mchimwene wanga anakaikitsa makatuni ambirimbiri mu memori khadi kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni aja, moti za bandulo sizivuta. Amaonera kuyambira podzuka mpaka batire kutha, tikatchaja pa sola n'kuyambiranso. Phala sadya popanda foni, tulo sagona popanda foni. Mukamulanda amadzigwetsa pansi n'kumadzimenyetsa mutu, kulira kwake mpaka anthu oyandikana nafe amabwera kudzafunsa.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti salankhula. Amawerenga manambala m'Chingerezi mpaka teni, amaimbanso tinyimbo ta m'makatunimo, koma akafuna madzi amangondikoka dzanja. Nthawi zina mukamuitana dzina satembenuka. Mwana wa mng'ono wanga anabadwa pambuyo pake koma amacheza ngati wamkulu. Ena akuti lilime lake ndi lomangika, tikamudulitse kwa agogo ena m'mudzi. Ena akuti alipo anamuchita chipongwe.

Nditawauza bambo ake kuti ndikufuna kumulanda foniyo anapsa mtima. Akuti ndikuifuna ineyo kuti ndizichezerapo ndi amuna pa WhatsApp, akutinso chitukuko sindichidziwa. Mayi anga nawo akuti ngati ndikuona kuti sakulera bwino ndizimutenga kumsika. Ndathedwa nzeru, ndithandizeni.

Mayi wodandaula, Luchenza

Mwana wanga,

Lezala lisayandikire pakamwa pa mwanayo. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zina zonse tingazikonze mawa, koma chilonda cha pansi pa lilime chikhoza kutaya magazi ambiri kapena kulowa tizilombo, kafumbata n'kubwera. Ndipo taganiza wekha: mwana amene akuimba nyimbo yonse n'kuwerenga mpaka teni, lilime lake lamangika pati? Likuyenda bwinobwino. Za chipongwezo zisiyenso, zingokudanitsa ndi abale ako nthawi yothandiza mwana ikupita.

Koma nkhawa yako ndi yoona. Pofika zaka ziwiri ana ambiri amakhala atayamba kulumikiza mawu awiri, "amama madzi", "agogo nyamule". Wako wadutsa msinkhu umenewo ndi miyezi ingapo, ndipo nthawi zina satembenuka akaitanidwa. Usamvere onena kuti ana aamuna amachedwa, adzalankhula akadzafuna. Tenga kabuku kake ka kusikelo upite naye ku chipatala cha boma ku Thyolo sabata ino, ukafotokoze monga wandifotokozera ine, ndipo ukapemphe kuti amuone m'makutu. Mwana amene sakumva bwino amachedwa kulankhula, ndipo makolo ambiri sazindikira chifukwa phokoso lalikulu amalimva. Kumbukira ngati anatulukapo mafinya m'khutu, ngati anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka, kapena matenda oumitsa khosi, ukawauze. Akaona kuti n'kofunika adzakutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli zipangizo zoyezera kumva. Palinso vuto la kakulidwe ka ubongo lotchedwa autism, limene mwana amabadwa nalo, ndipo zina mwa zizindikiro zake n'zimene watchulazi. Sindikunena kuti wako ali nalo, odziwa ndi amene angaone. Ndikungofuna usakhomere mlandu wonse pafoni n'kulephera kuona china chimene chingakhale kuseri kwake.

Kaya achipatala apeza chiyani, foni ya tsiku lonseyi iyenera kutha. Ndikufotokozere chifukwa chake, kuti ukamalankhula ndi amuna ako ukhale ndi poima.

Zimene mwana wako akuchita, kuwerenga ndi kuimba, ndi kubwereza zomwe khutu lamva kambirimbiri. Kulankhula ndi chinthu china. Kulankhula ndi kufuna kanthu kwa munthu, kutulutsa mawu, munthuyo n'kuyankha, iwe n'kuyankhanso. Khanda likati "ba", mayi amaseka n'kuti "eee, ababa", khandalo limayang'ana pakamwa pa mayi n'kuyesanso. Likaloza nkhuku, agogo amati "nkhuku imeneyo, ikudya chimanga chathu, ithamangitse". Mawu amamera pamenepo, pamene mwana waloza ndi pamene wamkulu wayankha. Katuni sayankha. Mwana aloze, alire, aseke, katuniyo amangopitiriza zake. Ndiye mwana amene wakhala maola ambiri pagalasi waphonya mazana a timacheza tating'ono timeneti tsiku lililonse, ndipo n'timene timamanga chilankhulo.

Izi anaziyesa. M'chaka cha 2003 katswiri wina wa ku yunivesite ya Washington ku America, Patricia Kuhl, ndi anzake anatenga makanda a miyezi 9 ochokera m'mabanja olankhula Chingerezi. Ena ankacheza maso ndi maso ndi anthu olankhula Chitchaina cha Mandarin, maulendo 12. Ena ankaonera anthu omwewo akulankhula zomwezo pa kanema. Powayeza, makanda amene anacheza ndi munthu weniweni anali ataphunzira kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu a chilankhulocho, pamene oonera pa kanema aja anali ngati sanachimvepo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 akuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa kanema kapena pafoni, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku, kucheperapo ndiye bwino. Malangizo omwewo akuti mwana wa msinkhu wa wakoyu azithamangathamanga ndi kusewera maola osachepera atatu patsiku, azigonanso maola 11 mpaka 14 kuphatikizapo tulo ta masana. Werengera wekha mmene tsiku la mwana wako likuyendera.

Tsopano mayi ako. Usawaimbe mlandu ngakhale pang'ono. Munthu wamkulu, miyendo ikupweteka, mwamusiyira kamnyamata kothamanga ngati kameneko kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kumupatsa chinthu chimene chimakakhazika pansi nthawi yomweyo. Ndani sangachigwiritse ntchito? Mawu aja akuti uzimutenga kumsika atuluka chifukwa amva ngati ukuwanyoza. Ukakhale nawo pansi madzulo, uyambe ndi kuwathokoza, kenako uwauze kuti mankhwala a mwanayu ali pakamwa pawo. Sukuwapempha kuti athamange. Atakhala pamphasa pomwepo akusenda nandolo kapena kutong'ola chimanga, amupatse kambale kake azithandiza, azimuuza dzina la chilichonse chimene wagwira. Amuimbire nyimbo zimene ankakuimbira iwe, amuuze nthano, ayambe "padangokhala" n'kudikira, tsiku lina adzamva "tilitonse". Ngati amalankhula Chilomwe, alankhule naye Chilomwecho, zilankhulo ziwiri pakhomo sizisokoneza mwana. Mwana wa mng'ono wako uja usamuone ngati wokuchititsa manyazi, mukokere pafupi azisewera limodzi, chifukwa ana amakokana pakamwa kuposa mmene akulu tingathere. Miyezi ikubwerayi akwanitsa zaka zitatu, fufuza sukulu ya mkombaphala ya m'dera lanu, agogo azipumako m'mawa.

Ndipo mawu a kumsikawo, ngakhale ananenedwa mokwiya, si oipa. Masiku amene malonda sachuluka uzimutenga. Pamsika pali mawu ambiri kuposa memori khadi iliyonse: moni, kunenerera, kuitanira malonda. Azikupatsira tomato uku mukuwerenga limodzi. Koma asakhale womangidwa kumbuyo tsiku lonse, uzimutsitsa aziyenda pafupi nawe. Iwenso ukafika kunyumba madzulo foni yako ikhale m'chikwama mpaka agone. Ndimaona kusikelo amayi atandandalika pabenchi, mwana akuyamwa uku akufunafuna maso a mayi ake, mayiyo maso ali pa TikTok, mtima umandiwawa.

Kumusiyitsa kwake yambira malo awiri, pa chakudya ndi pogona. Mwana wodya akuonera amangomeza osadziwa chimene chalowa m'kamwa, saphunzira kudzidyetsa kapena kuzindikira kuti wakhuta. Akakana phala chifukwa foni palibe, usachite mantha, lichotse, ubwere nalo pakapita kanthawi. Usiku foni izizimitsidwa ola lathunthu asanagone, chifukwa kuwala ndi phokoso lake zimathamangitsa tulo. Zikakhazikika ziwirizi, dula ya masana mpaka itsale nthawi imodzi yodziwika, yosapitirira ola, wamkulu ali pambali pake akumufunsa "uyu ndani, akutani?" Foniyo isamakhale poti aziiona. Ulowenso mu memori khadimo uone wekha zimene zilimo, pakuti anyamata aja amangothira zonse, mafilimu a nkhondo ndi zina zosayenera maso a mwana zimalowera limodzi ndi makatuni.

Alira, ndipo masiku oyamba alira kuposa kale. Akayamba kudzimenyetsa mutu mugoneke pamphasa kapena umufungate, usamumenye, usamukalipire, ungonena modekha kuti foni yagona. Chachikulu n'chakuti usamubwezere ali mkati molira, chifukwa ukatero wamuphunzitsa kuti kulira kwambiri ndiye kiyi. Apa mufunika kugwirizana nonse pakhomo, iwe, agogo ndi amalume ake aja. Mmodzi akamapereka mobisa, ntchito yonse yagwa. Oyandikana nawo auziretu kuti akamva kulira asadabwe.

Amuna ako ndawasungira kumapeto chifukwa ndi pamene pali mfundo yolimba. Bambo amene anasiya mwana akukwawa, sanaone tsiku limene anayamba kuyenda, amakhala ndi chilonda mumtima. Foniyo kwa iwo ndi dzanja lawo limene lafika pakhomo. Ukati ndilanda foni, iwo akumva kuti ukuwachotsa pa mwana. Cholinga chawo chakuti mwana asadzavutike kusukulu n'chabwino, njira yokha ndi imene yalakwika. Mwana wodziwa kufunsa, kuyankha ndi kufotokoza m'chilankhulo cha kwawo ndi amene Chingerezi amadzachitola mosavuta, chifukwa ali ndi pochikoleka.

Ndiye usawauze kuti ukulanda. Uwauze kuti foniyo ikhale ya bambo ndi mwana. Madokotala a ana a ku America, m'malangizo awo a 2016, analetsa kanema kwa ana osakwana miyezi 18 koma analola kuimbirana moonana nkhope, chifukwa kumbali inayo kuli munthu amene akuyankha. Apemphe kuti akaweruka kuntchito aziimba pa vidiyo, mphindi khumi zokha, mwana ali pamiyendo pako. Azimuitana dzina, azimufunsa kuti wadya chiyani, amama ali kuti, mphuno yake ili pati. Sudzafunika kukangana nawo. Akamufunsa masiku atatu mwana osayankha, adzaona okha zimene iwe ukuona. Ukapita kuchipatala uwauze tsiku lake, ndipo zimene adokotala alembe m'kabuku uzijambule uwatumizire. Amuna ambiri amene amakana mawu a mkazi amamvera cholembedwa ndi achipatala.

Koma kukunena kuti ukufuna foni ya mwana kuti uzichezerapo ndi amuna, limenelo usalimeze. Ndi mawu onyoza, ndipo akuchokera ku mantha amene mabanja ambiri a ku Joni akudwala nawo, osati ku nkhani ya mwana. Uwayankhe kamodzi, mtima uli pansi, kuti mawuwo akupweteka, ndipo ngati akukayika foniyo izisungidwa ndi mayi ako m'sutikesi, iwe sukuifuna. Akabwerezanso, usalimbane nawo pa WhatsApp usiku. Dziwitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, awaimbire, nkhani ya kukhulupirirana ikambidwe payokha, ya mwana isadikire kuti imeneyo ithe.

Azakhali