Chimene chimamanga lilime pambuyo pa sitiroko

Mwafunsa chifukwa chimene munthu wodwala sitiroko nthawi zina amamva zimene mukumuuza koma mawu ake osatuluka. Kawirikawiri vutoli limakhudza kachigawo ka Broca, komwe kali pachikuta chakunja cha ubongo, cham'munsi mwa mbali yakutsogolo, ndipo kwa anthu ambiri kali kumanzere, patsogolo pang'ono ndi pamwamba pa khutu. Pamapu a Brodmann, omwe amagawa chikuta cha ubongo m'zigawo zokhala ndi manambala, malowa ndi zigawo 44 ndi 45.

Dzinali linachokera kwa dokotala wa ku France, Paul Broca, amene mu 1861 anapima ubongo wa wodwala yemwe kwa zaka zambiri ankangobwereza liwu lakuti "tan", napeza kuti malo amenewa ndiwo anawonongeka.

Ntchito ya kachigawoka ndi kusanja mawu kuti apange chiganizo ndi kukonzekeretsa lilime ndi milomo kuti ziwatchule. Kakavulala pamodzi ndi minyewa yozungulira, munthu wofuna kumwa amangoti "madzi... kapu" movutikira, akudziwa bwino lomwe chimene akufuna kunena, ndipo kwa ine apa ndiye powawitsa. Kumvetsa kwakenso zolankhulidwa sikukhala kwathunthu, chifukwa ziganizo zazitali zopotana zimamusokoneza. Dzanja lamanja limafookanso kawirikawiri, popeza malo oliyendetsa ali pafupi pomwepo.