Ntchito yoika mitengo ya zinthu si mmene ukuiganizira

Mnyamata wina wa ku Domué, amene akumaliza kalasi 12, walemba kuti: "Shuga ndi mafuta ophikira zikungokwera, pamene chimanga chathu mavenda akugula motchipa. Ndikufuna kuphunzira za chuma kuti ndikagwire ntchito ya boma yoika mitengo. Bambo akuti ndikakhale woyendera masitolo ku INAE, bungwe la boma loyendera malonda, poti ntchito ya boma sitha. Koma masamu amandivuta. Nditani?"

Makalata otere amachuluka nthawi yokolola ikafika, ndipo mkwiyo wako ndikuumvetsa. Koma mwana wanga, ofesi imene ukuilotayo, yoti munthu akhale pampando n'kumalamula mtengo wa chilichonse, inatha kalekale. Inalipo m'zaka zoyamba za ufulu wa Mozambique, nthawi ya masitolo a boma otchedwa lojas do povo. Kafunse agogo ako akuuze za mizere italiitali, masitolo opanda katundu ndi malonda a mseri aja ankati kandonga. Kuyambira 1987, pansi pa ndondomeko yokonzanso chuma yotchedwa PRE, boma linayamba kuisiya mitengo yambiri m'manja mwa msika.

Zimene boma likugwirabe n'zowerengeka. Mtengo wa petulo ndi dizilo amalengeza ndi a ARENE, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi. Thonje limaikiridwa mtengo wotsikitsitsa chaka chilichonse. Palinso Decreto 56/2011, lamulo limene linabwera patangotha chaka chichitikireni zipolowe za mu Sepitembala 2010 ku Maputo, buledi atakwera mtengo. Lamuloli silinena kuti shuga agulitsidwe pa mtengo wakutiwakuti. Limangoika malire a phindu limene wamalonda angawonjezere pa zinthu monga mpunga, ufa, shuga, mazira ndi mafuta ophikira. Choncho woyendera masitolo amatenga malisiti a katundu, n'kuwerengera maperesenti. Amenewo ndi masamu omwe ukuwathawawo. Maphunziro a za chuma nawo ndi masamu kuyambira chaka choyamba, ndipo amene amawerengera mitengo m'boma ndi anthu ochepa, ambiri a iwo ali ku Maputo.

Inu bambo, lekani kumukankhira mwana ku ntchito imene simunaifufuze. M'boma amalowa kudzera pa mpikisano, malo amatuluka ochepa, ofuna ndi khamu. Kodi mukufuna akhale pakhomo zaka zingati akudikira dzina lake pa chikwangwani?

Vuto limene lakupweteka iwe, la chimanga chotchipa, silidikira lamulo. Mu Epulo ndi Meyi mudzi wonse umagulitsa nthawi imodzi, chifukwa aliyense ali ndi ngongole ya feteleza ndipo akuopa anankafumbwe. Venda amadziwa zimenezo. Pofika Januwale chimanga chomwecho mumachigulanso mtengo utakwera kwambiri. Ku Malawi boma limalengeza mitengo yotsikitsitsa ya mbewu chaka ndi chaka, koma mlimi amene mwana wake wadwala amagulitsabe kwa aliyense wabwera ndi ndalama m'manja. Chimene chimasintha mtengo kwa mlimi wa ku Angónia kapena ku Tsangano ndi nkhokwe yabwino, sikelo yosabera, gulu la alimi logulitsa pamodzi matumba okwana lole yathunthu, ndiponso munthu wodziwa kuwerenga mgwirizano wa fodya asanasaine, wodziwanso kuwerengera kwacha ndi metikali pa chipata cha malire cha Calómue. Anthu otere akusowa m'midzi mwathu, ndipo ndi ntchito imene sufunika kupempha kwa wina kuti uiyambe.

N'chifukwa chake ndikukulozera ku maphunziro a zaulimi a yunivesite ya UniZambeze, omwe ali pa Ulónguè pomwepa, kufupi ndi kwanu, kumene sungawononge ndalama zambiri pa ulendo ndi malo ogona. Ngati mtima wako uli pa ndalama ndi mabuku a malonda, ku sukulu ya ukachenjede ya ISPT mumzinda wa Tete kuli maphunziro owerengera ndalama. Konseku masamu aliko, usadzinamize.

Kalata yako ikuonetsa kuti umaona zimene anzako amangodutsa, ndiye sindikutaya mtima nawe. Koma mawu akuti "masamu amandivuta" ndawamva kokwanira kwa ana amene sanakhalepo pansi ola lathunthu ndi buku. Peza mapepala a mayeso olowera ku yunivesite a zaka zapitazi, upemphe aphunzitsi ako azikuchongera sabata iliyonse. Ukaona kuti maperesenti ndi ma grafu ayamba kukumvera, kayesenso mayeso a za chuma a ku Universidade Eduardo Mondlane, koma a zaulimi ulembetse ndithu.