Kodi ndingakopere bolodi la Arduino n'kumagulitsa makina anga?

Funso: Amisiri, ndine mnyamata wa ku Kalingalinga, ndinaphunzira zamagetsi. Ndapanga kachipangizo kozimitsa pampu ya borehole thanki ikadzadza, komanso kotumiza SMS malaiti akapita. Ndinagwiritsa ntchito Arduino Uno (kabolodi kokhala ndi chip yoikamo pulogalamu yolamulira makina) yotchipa yogula m'tauni ndi module ya SIM800L, yomwe imatumiza SMS. Anthu ayamba kufuna kuti ndiwapangire, koma anzanga ena akuti kukopera Arduino ndi kuba. Vuto lina, kachipangizoka kamazima n'kuyambiranso kokha kakamatumiza uthenga. Ndithandizeni.

Yankho: Achimwene, tiyambe ndi kuzimako, chifukwa simungagulitse chinthu chokomoka pa ntchito yake. SIM800L ikamalankhula ndi nsanja ya netiweki imakoka mphamvu mwadzidzidzi mpaka 2A, ndipo imafuna magetsi a pakati pa 3.4V ndi 4.4V. Uno yanu singakwanitse zimenezo. Pa njira ya USB pali kafyuzi ka 500mA basi, ndiye module ikakoka, magetsi amagwa, chip n'kuyambiranso. Ipatseni gwero lakelake, kaya kotsitsira magetsi ka LM2596 kotcheredwa pa 4V kapena batire la 18650, muike capacitor ya 1000µF pafupi kwambiri ndi miyendo ya module, mawaya akhale afupi ndi onenepa, ndipo GND (waya wa negativu) ya mbali zonse ilumikizane. Batirelo ndi labwino koposa, chifukwa uthenga wonena kuti malaiti a ZESCO apita uyenera kutuluka malaitiwo atapita kale.

Mwaona kuti ndakuuzani za kafyuzi kaja bolodi lanu ndisanaligwire? Phindu lalikulu la open hardware, kutanthauza zipangizo zimene mapulani ake ali poyera, lili pamenepo. Schematic ya Uno, yomwe ndi pulani ya mmene zidutswa zake zalumikizirana, ili poyera, aliyense atha kuitsitsa pa intaneti n'kutsatira njira ya magetsi kuchokera pa USB mpaka pa chip. Ife amene timatsegula ma inverter ndi ma charger tsiku ndi tsiku timadziwa kuwawa kwa bolodi lopanda mapulani. Umapeza opanga apala dala manambala pa chip kuti usadziwe chimene chapsa, mwini wake n'kutaya chinthu chonse chifukwa cha kachidutswa kosakwana mtengo wa minibasi yopita ku Matero.

Tsopano za kuba. Si kuba ayi. Arduino inayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, ndipo Massimo Banzi ndi anzake anatulutsa mapulani a mabolodi pa laisensi ya Creative Commons yolola kukopera, kusintha ndi kugulitsa. Zofunika ndi zakuti mutchule kumene mapulaniwo anachokera, ndipo mukasintha mafayilo awo n'kupanga bolodi lanu, mafayilo anuwo muwatulutsenso pa laisensi yomweyo. Chimene ndi chawochawo ndi dzina ndi chizindikiro. Musadinde mawu akuti Arduino pa katundu wanu ngati kuti achokera kwa iwo. Mukangoika Uno yathunthu m'bokosi lanu, simukakamizidwa kuulula mapulani a chipangizo chonse, ngakhale ma library (mapulogalamu olembedwa kale ndi ena) amene mwatenga ali ndi malamulo awo oyenera kuwerenga.

Koma musatengeke mtima ndi zoti zonse ndi zotseguka. Chotseguka ndi bolodi, chip ayi. ATmega328P imene ili pa Uno ndi ya Microchip, kampani imene inagula Atmel mu 2016, ndipo mkati mwake simungalowemo. Mu 2021 ndi 2022 ma chip atasowa padziko lonse, anthu anali ndi mapulani m'manja koma chowotchererapo panalibe, mitengo n'kukwera. Chip ya ESP32 ya kampani ya Espressif ndimaikonda, koma mbali yake ya Wi-Fi ndi yotseka. Raspberry Pi, kompyuta yaing'ono ya pa bolodi limodzi, nayo ambiri amaiyesa open hardware pomwe mapulani ake athunthu sanatulutsidwe. RISC-V, imene inayambira ku yunivesite ya Berkeley mu 2010 ndipo ili mu ESP32-C3, yatsegula malangizo amene purosesa imamvera, komabe chip chenichenicho mugula ndithu kwa wopanga.

Kenako pali nkhani ya mabolodi otchipa ngati lanulo. Popeza aliyense ndi wololedwa kupanga, ena amapanga bwino, ena amangophika. Pa chip yolumikizira bolodi ku USB, ambiri amaika CH340 m'malo mwa ATmega16U2, n'chifukwa chake kompyuta nthawi zina siliona bolodi mpaka mutaika driver yake. Chimenecho si chilema. Chilema ndi regulator yotentha msanga ndi ma capacitor osadalirika, ndipo likafa kwa kasitomala ku Chongwe palibe kampani yobwezako. Foni ilira kwa inu.

Maganizo anga ndi akuti Uno ikhale yoyeserera. Zogulitsa musazisiye pa breadboard (bolodi loyeserera losawotcherera) ndi timawaya tobaya, chifukwa kutentha kwa Okutobala, fumbi ndi nyerere zidzakuchititsani manyazi. Jambulani bolodi lanu pa pulogalamu ya KiCad, yomwe ndi yaulere, muikepo chip, SIM800L ndi magetsi ake pamodzi, mutumize mafayilo a Gerber (mapulani opangira bolodilo) ku mafakitale a ku Shenzhen amene amavomera ngakhale mabolodi asanu. Powerengera mtengo musaiwale ndalama yotumizira ndi msonkho wa ZRA, zomwe kawirikawiri zimaposa mtengo wa mabolodiwo. Mbali ya 230V italikirane ndi ya chip, pampu iyatsidwe ndi contactor (swichi yopirira magetsi ambiri) osati ka relay kakang'ono, ndipo muganizire za mphezi dzinja likafika.

Mwina mukuopa kuti mukatulutsa mapulani, wina ku Kamwala akopera. Akopera ndithu, ngakhale mutabisa. Koma kasitomala wa borehole amalipira munthu amene amabwera pampu ikaima Lamlungu, ndipo mapulani akakhala poyera mmisiri wina atha kukonza inu muli ku Chipata.

Musanayambe kugulitsa, fikani ku ZICTA, bungwe loyang'anira za matelefoni ku Zambia, mufunse za type approval (chilolezo cha mtundu wa chipangizo), popeza chipangizo chanu chimalumikiza ku netiweki ya mafoni. Kumbukiraninso kuti SIM800L imagwira 2G yokha, choncho pa bolodi latsopanolo siyani malo oti mudzaikepo module ya 4G.