Azakhali, musapemphe kulemba nokha

Azakhali, mwaswera bwanji? Moni nonse pagulu pano, amalume, amayi, achimwene. Uthenga wanu ndawumva, ndipo ndati ndiyankhe ndi mawu chifukwa polemba sindingamalize zonse. Kwa amene simunaumve, azakhali akudandaula za gulu lawo la kusukulu kumene akuchita digiri ya ODL, maphunziro aja ochita munthu ali kutali ndi sukulu. Alekichala awaika m'gulu la anthu asanu ndi mmodzi, enawo onse ndi achinyamata. Akalemba pa WhatsApp palibe woyankha, akakumana aliyense amangoti "eya mayi", asayinimenti yapitayi anailemba okha usiku, ndipo mnyamata wina anakhumudwa atamukonza Chingerezi pamaso pa anzake, mpaka pano salankhula. Ndiye akufunsa ngati angapite kwa alekichala kukapempha kuti azilemba okha.

Azakhali, ine ndikuti ayi, musapemphe. Alekichala ambiri savomera n'komwe, chifukwa ntchito ya pagulu amaipereka dala kuti aone ngati mungathe kugwira ntchito ndi ena. Koma ngakhale atavomera, semesita yamawa mudzapezanso gulu lina, vuto lake lomwelo. Ndi bwino tilione lero.

Ndikuuzeni kaye mmene ife ana timakuonerani, chifukwa ine ndakhalapo mbali inayo. Kalasi yathu ku Zomba inali ndi a mature entry, anthu olowa sukulu ali akuluakulu kale, ena aphunzitsi ngati inu, ena ogwira ntchito m'boma. Munthu wamkulu akalowa m'gulu, ana amazizira. Sikuti amadana naye, ayi. Mwana woleredwa bwino kuno kwathu satsutsa munthu wamsinkhu wa mayi ake pamaso, ndipo ndi inu nomwe munatiphunzitsa zimenezo. Ndiye akati "eya mayi" musaganize kuti wagwirizana nanu. Wangomva, ndipo sakufuna kukuchititsani manyazi. Maganizo ake enieni amakawanena kwina, nthawi zambiri pa gulu lina la WhatsApp limene inu mulibemo. Zimenezi zisakupwetekeni mtima, chonde. Kumeneko amapita chifukwa n'kumene angathe kunena kuti "mfundo iyi si yoona" popanda kuopa kuti achita mwano. Ulemu umene akukupatsaniwo ndi umene watseka pakamwa pawo, ndipo amene angawatsegule ndi inu nokha, chifukwa mwana sangadzipatse yekha chilolezo chotsutsa mkulu.

Palinso china, ndipo ndikunena ndi ulemu wonse. Inu mwaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri. Kuyambira 2007 pamene silabasi inasintha, ya PCAR ija, mwakhala mukuika ana m'magulu tsiku ndi tsiku, koma inuyo mumaima kunja kwa gulu, choko m'manja, kuyendera ndi kukonza. Ndipo panthawi imene munali pasukulu, mphunzitsi ankalankhula, ana n'kumakopera notsi, basi. Ndiye kukhala pansi ngati membala wamba ndi chinthu chatsopano kwa inu, pamene anzanuwo anakula nacho. Munthu amene wazolowera kuchonga, akaona cholakwika dzanja limangopita lokha. Mnyamata uja munamukonza ngati mwana wa Sitandade 6, mwina osazindikira, ndipo iye anamva choncho, anzake akuona, mwina ndi atsikana omwe.

Tiyambe ndi iyeyo, chifukwa zina zonse sizingayende nkhaniyi isanathe. Muimbireni foni. Musalembe pagulu, musatume mnzake. Mawu ake akhale ochepa. Mungathe kunena kuti, "Achimwene, tsiku lija ndinakukonzani pagulu, sindinachite bwino, mundikhululukire. Mfundo yanu inali yabwino, ndikufuna tiibwezere mu ntchito yathu." Mukatero khalani chete, mumusiye alankhule, ngakhale atatenga nthawi. Musawonjezere kuti "koma Chingerezicho chinalidi cholakwika", chifukwa "koma" ameneyo amafufuta kupepesa konse. Ndikudziwa kuti n'zolemera kuti munthu wamkulu apepese kwa mwana. Koma paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Iye sangayambe, akuopa kuti zioneka ngati akukuderani. Inu mukayamba, ulemu wanu suchepa, ndipo gulu lonse lidzamva kuti mayi aja ndi ofikirika.

Ndipo ndikulimbikitseni apa. Mu kosi ya Communication Skills tinaphunzira za Bruce Tuckman, katswiri wa ku America amene mu 1965 analemba kuti gulu limadutsa magawo anayi. Poyamba anthu amangodziwana, aliyense ali ndi ulemu, palibe wonena zakukhosi. Kenako amakangana. Akatero amapangana malamulo, ndipo pomaliza ndi pamene ntchito imayenda. Gulu lanu linakakamira pa gawo loyamba lija, la "eya mayi". Kukhumudwa kwa mnyamatayo ndi chizindikiro choti mwalowa gawo lachiwiri. Magulu ambiri amafera pamenepo chifukwa wina amathawa. Inu mukathawira kwa alekichala panopa, mwachoka pamene zinthu zatsala pang'ono kuyamba kuyenda.

Tsono mukakumananso, nenani poyera, ndi pakamwa panu: "Kunyumba ndine mayi, kusukulu kwanga ndine mphunzitsi, koma muno ndine wophunzira ngati inu. Ndikalakwitsa ndiuzeni, malikisi ndi athu tonse." Kunena kamodzi sikukwanira, sadzakhulupirira. Muwaonetse. Tumizani gawo lanu loyamba, ndipo mufunse funso loti sangaliyankhe ndi "zili bwino". Musati "mukuona bwanji?" Muziti, "Ndime yachiwiriyi ine sikundikhutiritsa, ndichotse chiyani?" Wina akalimba mtima n'kukukonzani, muthokozeni pagulu pomwepo, ndipo musinthedi, aone kuti mawu ake agwira ntchito. Tsiku limenelo ena onse adzaona kuti kutsutsa mayi sikupha.

Chinanso chimene ndinaona kwa bambo wina wa m'gulu lathu, amene aliyense ankafuna kukhala naye gulu limodzi. Iwo ankalankhula pomaliza. Funso likabwera ankayamba kufunsa ife, potchula dzina, mmodzimmodzi, makamaka uja wachete. Munthu wamkulu akayamba kupereka maganizo, zokambirana zathera pomwepo, onse amangotsatira. Ndiye dikirani. Ndipo mukamamvera, mverani kuti mumvetse, osati kudikira mpata woti mukonze. Akamaliza bwerezani mwachidule, "ngati ndamva bwino, mukuti chakuti", iye avomere kapena akonze. Kanthu kakang'ono, koma kamachotsa mikangano yambiri, chifukwa nthawi zambiri anthu amakanganira zimene mnzawo sananene.

Zimene mwaona m'kalasi zaka zonsezi ndi chuma, anawo alibe. Iwo amawerenga za kalasi ya ana oposa 100 m'buku, inu mwaimamo. Koma kaperekedwe kake. Mukati "ife nthawi yathu" kapena "inu ana simudziwa", makutu amatsekeka. Muziti, "Bukuli likunena zakuti, ine m'kalasi mwanga ndinaona zakuti, zikugwirizana bwanji?" Apo mwawapatsa chinthu choti agwirepo ntchito. Nanunso muziwapempha thandizo pa zimene amakuposani. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid, ambiri a iwo anazolowera kuchita zinthu pafoni. Kulembera limodzi pa Google Docs, kusaka mabuku pa intaneti, kukonza ma slide, kulemba maumboni a mabuku mwa njira ya APA, amazichita mofulumira. Mwana amene wakuphunzitsani kanthu saopanso kulankhula nanu.

Za kusayankha pa WhatsApp. Azakhali, mauthenga anu ife pabanja timawakonda, amayamba ndi moni, kufunsa za kunyumba, kenako nkhani. Pagulu la sukulu uthenga wautali anthu amati ndiuwerenga kenako, ndipo kenakoyo safika. Voice note yaitali ngati yangayi ndiye imadyanso bandulo, ndipo munthu ali mu minibasi kapena kuntchito sangaitsegule. Lembani mizere iwiri kapena itatu, chinthu chimodzi, dzina la munthu, tsiku ndi nthawi. Mukati "tiyeni tiyambepo anzanga" palibe amene mwamuuza. Mukati "Achemwali, mawu oyamba aja mungatumize Lachinayi isanakwane 8 koloko madzulo?" munthuyo ayankha, kaya eya kaya ayi. Akati ayi, mufunseni tsiku limene angathe.

Komanso musafulumire kuganiza kuti chete ndi ulesi. ODL anthu amakhala obalalika, wina ku Chitipa, wina ku Nsanje, wina kumudzi kumene netiweki imagwira pachulu pokha. Wina magetsi azima foni yathima, wina alibe ya bandulo ndipo akuchita manyazi kunena, makamaka kwa munthu amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Wina kwawo amalankhula Chitumbuka kapena Chiyao, ndipo zokambirana zikathamanga m'Chichewa chakuya amangokhala phee. Funsani kumbali, "zikuyenda bwanji kumeneko?" Mudzamva zambiri.

Pa ndalama samalani. Za kupulinta ndi kubayinda muzisonkha mofanana, aliyense atumize pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu mmodzi amene gulu lasankha, ndipo iye azilemba pagulu amene wapereka. Mukamalipira zonse inu chifukwa ndinu wamkulu, mwasanduka kholo, ndipo ana salimbana ndi kholo limene likuwalipirira, amangolisiyira zonse. Ngati pali wina amene zamuvutadi, muthandizeni mwakachetechete, ena asadziwe.

Udindo wa wapampando musautenge, ngakhale akukakamizeni, ndipo adzakukakamizani chifukwa cha msinkhu. Asiyireni mmodzi wa iwo. Inu tengani ulembi. Ku Mvano ndi ku banki m'khonde mwakhala mukusunga mabuku, mukudziwa mphamvu ya chinthu cholembedwa. Mukatha kukambirana, lembani pagulu: wakuti achita chakuti pofika tsiku lakuti. Aliyense avomere ndi mawu ake, osati ka chala kokweza kokha. Ndipo tsiku lanu la pagulu likhale masiku atatu lisanafike la alekichala, kuti mukhale ndi nthawi yolumikiza zigawozo ndi kuziwerenga limodzi. Ntchito ya anthu asanu ndi mmodzi yongomatidwa usiku womaliza imaoneka, alekichala amaizindikira tsamba loyamba lomwe.

Tsopano chimene chikundipweteka kwambiri mu uthenga wanu ndi chakuti munalemba nokha usiku wonse, m'mawa n'kupita kukaphunzitsa. Azakhali, musadzachitenso. Ndikumvetsa, fizi mukulipira ndi thukuta lanu, simungalole kulephera chifukwa cha mwana wa eni. Koma taonani chimene gulu laphunzira: tikakhala chete, mayi alemba. Ulendo uno adzakhalanso chete, osati chifukwa ndi oipa, koma chifukwa zinatheka. Ndipo tsiku lokapulezenta alekichala amatha kuloza aliyense kuti ayankhe. Akaloza amene sanawerenge n'komwe, malikisi amatsikira gulu lonse, inu nomwe. Gawo la mnzanu likabwera lofooka, musalilembenso. Libwezeni ndi mafunso awiri, kumbali, ndipo muyambe ndi chimene wachita bwino, chenicheni, osati chongomusangalatsa. Muzinena za ntchitoyo, osati za munthuyo: "ndime iyi ikusowa umboni" ndi zosiyana kwambiri ndi "simunafufuze".

Pamenepa pali nkhani imene muyenera kuidziwa, ya ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti imene imalembera munthu zimene waifunsa. Ena amangotenga zimene yawalembera n'kutumiza ngati gawo lawo, nthawi zina ndi mayina a mabuku amene kulibe. Zikagwidwa, mlandu wa kukopera umagwera mayina onse amene ali pachikuto. Njira yabwino si kuloza munthu chala. Panganani pachiyambi pomwe kuti ntchito isanapite, aliyense afotokozera gulu gawo lake ndi pakamwa, mphindi ziwiri, ndipo asonyeza kumene anatenga mfundo zake. Lamulolo likhale la onse, ndipo muyambe ndinu.

Nanga wina akakanikiratu? Zimachitika. Muimbireni kumbali kaye. Zikapanda kusintha, wapampando amukumbutse pagulu, mwaulemu, potchula zimene iye mwini anavomera. Zikakanikabe, gulu lonse, osati inu nokha, limuuze kuti mukadziwitsa alekichala, ndipo muchite zimenezo tsiku lopereka lisanafike, muli ndi zolemba zija m'manja. Kuchotsa dzina la munthu mwakabisira usiku womaliza kumabala udani woti mudzakhala nawo mpaka chaka chomaliza. Apo ndiye pamene mungapite kwa alekichala, mutayesa zonsezi, ndipo mukupita ngati gulu.

Amalume, ndikudziwa mukumvera. Madzulo amene azakhali ali ndi zokambirana za gulu, chonde ana aja aphike okha, ndipo wailesi itsike pang'ono. Munthu sangamvere mnzake bwino pafoni kwinaku akuyang'ana mphika. Ola limodzi lokha pa sabata, nthawi yodziwika, likwanira.

Azakhali, yambani ndi foni ya mnyamata ujayo, mawa lomwe ngati n'kotheka, madzulo ataweruka. Loweruka masana ndikuimbirani pa video, mutsegule laputopu ndikuonetseni mmene mungaikire ntchito yanu pa Google Docs kuti nonse muzilemba malo amodzi ndipo aliyense aziona zimene mnzake wawonjezera. Mundiuze nthawi imene mudzakhale mutabwerako ku Mvano.