Sitolo ya malemu bambo: tigwetse kapena tiikonze?

Mayi wina wa kuno ku Chipata wanditumizira imelo. Bambo awo anasiya sitolo yakale ya njerwa zowotcha cha ku Kapata, denga likudontha, ndipo pabanja sakumvana. Alongo awo akufuna kugwetsa n'kumanga ya mabuloko, iwo akufuna kuikonza kuti mukhale telala, saluni ndi chipinda chosungiramo mtedza. Akufunsa kuti nzeru ili pati.

Amayi, ine ndili mbali yanu, malinga ngati maziko ali bwino. Itanani injiniya aone ming'alu. Mng'alu woonda wa pa pulasitala si wodetsa nkhawa. Woopsa ndi uja wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wokulira kumtunda, chifukwa ndiye kuti pansi pakusuntha. Mitengo ya denga aibaye ndi msomali, paja chiswe chimadya mkati n'kusiya kunja kuli gwa. Ngati denga ndi la asibesitosi, wina asalidule ndi grinder, fumbi lake limawononga mapapo.

Makoma ambiri akale anamangidwa ndi dothi pakati pa njerwa. Mukawapaka simenti yolimba kwambiri, chinyezi chimatsekeredwa mkati, pulasitala n'kuyamba kutupa ndi kugwa m'dzinja. Auzeni amisiri asakanize laimu kuti khoma lizipuma.

Koma chimene ndingalimbikire ndi ichi: pulani isajambulidwe ndi munthu mmodzi ali muofesi. Khalani pansi m'sitolomo nonse, alongo anu, wojambula, mmisiri, ndi amene adzachite lendiwo. Telala akuuzani kuti makina ake akufuna zenera lalikulu, osati babu masana. Wa saluni afunsa kumene madzi otsukira tsitsi azipita. Wa mtedza akudziwa kuti matumba akagona pa simenti amachita chuku, choncho afuna thandala ndi mpweya wodutsa. Zimenezi wojambula sangazilote yekha. Francis Kéré, wojambula mapulani a nyumba wa ku Burkina Faso, amene analandira mphoto yaikulu ya ntchitoyi yotchedwa Pritzker mu 2022, anamanga sukulu ya kumudzi kwawo ku Gando pamodzi ndi anthu a m'mudzimo, ya njerwa zadothi, denga lamalata lotukulidwa pamwamba kuti kutentha kuzituluka. Ndi dzuwa lathu la Okutobala, nzeruyo ndi yobwereka.

Mkatimo musamange makoma onyamula denga. Gawani ndi matabwa kapena mabodi omangidwa ndi mabawuti, ndipo mbali iliyonse ikhale ndi khomo lake loyang'ana kumsewu ndi mita yakeyake ya magetsi ya ZESCO (mikangano ya mayunitsi yathetsa maubale ambiri). Saluni ikadzatseka, mumasula khoma tsiku limodzi, zipinda ziwiri n'kusanduka golosale.

Za malamulo musazinyalanyaze. Kusintha ntchito ya nyumba kumafuna chilolezo cha khonsolo ya mzinda. Komanso tauni yathu ndi yakale, inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911 ikutchedwa Fort Jameson, ndipo nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1924 zimatetezedwa ndi bungwe la boma losamalira zinthu zakale la National Heritage Conservation Commission. Fufuzani chaka chimene yanuyo inamangidwa.

Alongo anu musalimbane nawo pakamwa. Apempheni abweretse mtengo wonse wa njira yawo: kugwetsa, kututa zigumuzo pa lole, maziko atsopano, mabuloko, ndi miyezi yonse imene lendi idzakhale isakulowa. Inu mubweretse wanu, injiniya atasainira, muike mapepala awiriwo patebulo limodzi pamaso pa atsibweni.