Wakuuzani ndani kuti yankho ndi lozungulira?

Achemwali, imelo yanu yanditokosa pachilonda chakale. Mukufunsa ngati equation yokhala pa malo ofanana mbali zonse imakakamiza yankho la energy yochepetsetsa kukhala radial (lozungulira, lodalira mtunda wochokera pakati basi), kuti mungoisandutsa ODE, equation ya variable imodzi yokha, n'kupuma.

Ine ndinagwapo m'dzenje lomweli. Ndili ku masters ndinatha miyezi itatu ndikuwerengera yankho la radial pa annulus, bwalo loboola pakati ngati donasi. Aphunzitsi anga anangoona tsamba loyamba n'kufunsa, "Wakuuza ndani kuti ndi lozungulira?" Ndinangoti kakasi. M'mawa mwake anabwera ndi beseni la madzi a sopo ndi timapulasitiki tiwiri tolumikizidwa ndi misomali inayi yoima m'makona a sikweya. Anaviika. Thovu limafuna njira yaifupi yolumikiza misomaliyo. Ndinkayembekeza kuona X, koma thovu linajambula mizere isanu, kamzere kapakati katagona chopingasa. Mbali ya sikweya ikakhala 1, X amatalika 2.83 pomwe njira ya thovuyo ndi 2.73 basi. Atapitiriza kuviika, kamzereko kanadzaima choongoka. Mayankho alipo awiri, lina ndi linzake lotembenuzidwa, ndipo palibe limene lili ndi symmetry yonse ya sikweya.

Vuto ndi momwe timaphunzitsirana. Aliyense amatchula theorem ya Gidas, Ni ndi Nirenberg, 1979, yonena kuti yankho ndi radial, ngati vesi loloweza, osawerenga zimene theorem imafuna: malo akhale mpira, yankho likhale positive mkati ndi ziro m'mphepete, f(u) ya mu equation ikhale Lipschitz ndithu (kusintha kwake kukhale ndi malire). Njira yawo ya moving planes, imene Alexandrov anayamba ndipo Serrin anagwiritsa ntchito mu 1971, imasuntha kalilole kuchokera kumphepete mpaka pakati. Pa donasi kaliloleyo amakapunthwa pa bowo. Ndinene mosabisa, wophunzitsa theorem iyi osaonetsa pomwe imagwa akulakwira ana.

Ndipo ngakhale mpira weniweniwo si chitetezo. Mu equation ya Hénon muli |x|^α (|x| ndi mtunda wochokera pakati), imene imakula mukamayandikira mphepete. Smets, Su ndi Willem anasonyeza mu 2002 kuti α ikakula kwambiri, yankho la energy yochepetsetsa limasiya kukhala radial. Kuunjikana mbali imodzi kumatchipa kuposa kuzungulira mphepete monse. Ngakhale Jakob Steiner, katswiri wa symmetry uja, anapunthwa pafupi pomwepa: posonyeza kuti bwalo ndilo limazinga malo ambiri utali wa mphepete ukakhala womwewo, anangotenga kuti yankho lilipo osatsimikiza.

Ndiye muchite chiyani?

Yambani mwatsimikiza kuti minimizer, yankho la energy yochepetsetsa lija, ilipo. Kenako yesani Schwarz rearrangement, kusanjanso function kuti ikhale radial: Pólya ndi Szegő amakutsimikizirani kuti gawo la gradient silikwera, kwatsala kwa inu kuona ngati magawo enawo sakuipiraipira. Ngati muli chinthu chokula chakumphepete, kapena malowo ndi oboola, tengani function younjikana mbali imodzi, muwerengere energy yake, muyerekeze ndi ya radial yabwino koposa. Ikatsika, ODE ija ikukupatsani yankho lina, osati limene mukufuna.