Musadikire Khirisimasi, pitani mukawajambule agogowo

Achemwali ena a ku Lilongwe andilembera imelo. Agogo awo aakazi ali ku Malindi, zaka 88, ndipo akufunsa makina abwino ojambulira mawu oti agule asanapite kumudzi pa Khirisimasi. Nditawerenga ndinangogwira chibwano, chifukwa kudikira kumeneku ine kunandiliza.

Agogo anga aamuna, omwe tinkawaitana kuti ambuje, anali msodzi ku Malombe. Za chambo ankatha kukamba dzuwa mpaka kulowa, za njala ya 1949 chimodzimodzi. Koma ukangotchula 1965, ankadzuka n'kumati akukaona mbuzi. Chimenecho ndi chaka chomwe a Henry Masauko Chipembere, omwe kale anali nduna, ndi anthu awo, poukira boma la a Kamuzu Banda, analowa mu Fort Johnston, Mangochi ya lero, mu February, n'kukalephera kuoloka Shire pa Liwonde poti pantoni inali tsidya lina. Pambuyo pake asilikali anasesa midzi, nyumba zinatenthedwa, anthu anatengedwa.

Tsiku lina mu October 2017, kukutentha monga kumatenthera kuno, tinakhala pakhonde iwo akusoka ukonde. Nkhani ya 1965 ija anaiyamba okha, osafunsidwa. Ndinapempha kuti ndiwajambule mawu, anagwedeza mutu, ndinaika foni pamkeka. Anayamba ayang'ana kunjira, mawu anatsika, Chichewa anachisiya n'kulowa m'Chiyao. Anasimba za usiku womwe anabisala m'bango madzi ali m'khosi, udzudzu ukuwadya kumaso koma osayerekeza kuwomba, ndi za mng'ono wawo amene anakwezedwa lole osabwereranso. Chingwe chinali chikadali m'manja, koma kusoka anali atasiya. Taganizani, ulamuliro wa chipani chimodzi unatha mu 1994, koma patapita zaka 23 munthu ankanong'onabe pakhomo pake pomwe.

Ndinajambula mphindi 47. Ndinkangoti mawa ndikopera pa kompyuta, mawa ndikopera. Patatha masabata atatu foni inabedwa m'minibasi, ndipo ambuje anatisiya mvula ya chaka chomwecho isanathe. Nkhaniyo ndimaikumbukira, koma dzina la mudzi womwe anathawirako linandithawa, ndipo palibenso woti ndimufunse.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima anthu akamati okalamba anaiwala. Sanaiwale ayi. Ena ndi mantha, koma ambiri sitinawakhalire pansi. Timafika kumudzi ndi shuga ndi sopo, kujambulitsa chithunzi, ulendo. Pitani pa nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi: mupeza mfuti ya sitima ya Guendolen, mupezanso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Zitsulo ndi miyala tasunga, ndipo n'zoyenera. Ku National Archives ku Zomba kuli makalata a boma ambirimbiri, koma makalatawo analemba ndi ma DC ndi apolisi. Wobisala m'bango uja sanalembe lipoti. Mayi amene anatsala ndi ana mwamuna atapita ku Wenela, kumigodi ya ku South Africa, mpaka ulendowo unaletsedwa ndege itagwa ku Francistown mu 1974, nayenso sanalembe. Ngati adzukulufe sitiwajambula, ndani awajambule?

Za makinawo

Musagule kanthu, foni yanuyo ikwana. Ndalamayo kwererani basi sabata ino. Ikani foni pa flight mode kuti wina asakuduleni, muiike pafupi ndi agogo, kutali ndi mphepo ya kunyanja ndi phokoso la chigayo. Poyamba tchulani tsiku, malo ndi dzina lawo, ndipo chilolezo chawo chimveke m'mawu momwemo. Alankhule chilankhulo chomwe amalotera, kumasulira mudzachita pambuyo. Akasokoneza zaka musawakonze, ingofunsani kuti zinachitika njala isanafike kapena itapita. Akakhala chete, inunso khalani chete.

Musagone musanakopere malo atatu: pa kompyuta, pa Google Drive, ndi kwa m'bale wina. Ndipo akatchula amene anapereka anzake kwa asilikali, musathamangire nazo pa Facebook, adzukulu a munthuyo akutunga madzi pa mjigo umodzi ndi abale anu.

Funso loyamba lisakhale la 1965, achemwali. Afunseni mmene anakumanirana ndi agogo aamuna, ndi nsalu yomwe anavala tsiku limenelo.